Jekete la Kaputeni Elisha

Pa komboni ija panatha zaka zambiri osabedwa kanthu koposa nkhuku. Wakubayo anachita kudikira tsiku limene Mai Ennie anabweretsa alendo a galimoto.

Mai Ennie ankagulitsa kaunjika pa msika wa ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, koma mutu wawo sunkakhala pa msikapo. Iwo anaona kuti ana a machona, amene anaphunzira n'kukakhala ku Harare, agwidwa ndi matenda achilendo: kupukwa kwawo kumene sanakuonepo. Ku Malawi n'kutali, pasipoti ndi milandu. Ndiye anati, bwanji Malawiyo ndingowasendezera pafupi? Pakati pa Kadoma ndi Chegutu panali komboni ya mgodi umene unatsekedwa kalekale. Kunatsala nkhalamba za ku Dedza ndi ku Mangochi zimene zinabwera kudzagwira ntchito chaka chimodzi, chakacho n'kukana kutha. Mai Ennie anasesa nyumba imene ankakhala kalaliki wa mgodi, anaikamo bedi, kenaka n'kulangiza nkhalambazo.

"Musavale masuti, chonde. Ingokhalani mmene mumakhaliramu. Anthuwa akudzera umphawi wanu womwewu."

Alendo oyamba anafika Loweruka: Norma, nesi wamkulu wa ku Harare, ndi mwamuna wake Augustine, mphunzitsi. Norma Chichewa ankamva chonse, koma poyankha lilime limathawira ku Chishona. Anamwa thobwa mpaka kupempha lina, anasinja mtedza mpaka matuza m'manja, anadya nkhwani wotendera akupukusa mutu ngati ali m'tchalitchi. Dzuwa litapendeka nkhalamba zinavina beni, mawondo akulira kuposa ng'oma. Pamenepo Norma anapita ku galimoto n'kubwera ndi jekete la khaki, la mabatani a mkuwa ndi zingwe zofiira m'mapewa.

"La bambo anga," anatero movutikira. "A Elisha. Ankavina kuno kale. Anamwalira chaka chatha."

Ng'oma inaleka. Nkhalamba zinavula zipewa. "Kaputeni Elisha!" Jeketelo linayenda m'manja, aliyense kulisisita. Mai Ennie, pokhala munthu wa zovala, analitembenuza n'kuona kuti mkati mwake munasokedwa pamanja nsalu ya chitenje yobiriwira, ya timaluwa toyera, yakale mpaka kuonekera.

Usiku umenewo Mai Ennie anagona ngati mwini hotela. M'mawa Lamlungu anadzutsidwa ndi phokoso.

Jekete kunalibe.

* * *

Pamene ankamanga nsalu n'kutuluka, mlandu unali utaweruzidwa kale. Azibambo a pa komboni, manyazi atawagwira, anali atagwira Useni n'kumutsekera m'chipinda chimene mgodi unkasungiramo mafosholo. Useniyo anali bambo wa zaka makumi anayi, wosayankhulayankhula, wosefa golide ku mtsinje popanda chilolezo. Ndiye ananyamula zikwama za alendo dzulo, ndiye anawatungira madzi osamba. Ndipo aliyense ankadziwa kuti woweruza wa ku Chegutu anamuchenjeza kuti akadzaonekanso pamaso pake, pa mlandu uliwonse, akadya sadza la boma kwa nthawi yaitali.

Augustine anali ataima pa galimoto, kiyi m'manja. Sanali munthu woipa, koma mkazi wake anali atakhala pa khonde maso atafiira.

"Mai Ennie, mwatilandira bwino, sitikana," anatero. "Koma mkazi wanga alibe china chilichonse cha bambo ake. Munthuyu tipita naye ku polisi ku Chegutu. Kumeneko akakumbuka kumene waliika."

"Akakumbukadi, aphunzitsi. Kumene kuja ngakhale inu mukhoza kukumbuka kuti munaba sitima. Koma nkhuku yaphedwa kale. Mukufuna anthu a ku Rimuka adzanene kuti alendo a Ennie amachoka ndi njala? Idyani kaye. Mukasamba m'manja jekete lisanaoneke, Useni ndimukweza m'galimotomo ine ndemwe."

Augustine anayang'ana mkazi wake, kenaka anaika kiyi m'thumba.

M'chipinda cha alendo Mai Ennie anaima pakhomo osalowa. Pa khoma panali msomali umodzi. Pa msomalipo panalendewera pulasitiki imene jekete limasungidwamo, ndipo pamwamba pake kamera ya Augustine.

"Kamerayi munaikoleka liti, Sisita?"

"Beni itangotha," anayankha Norma. "Jekete poyamba, kamera pamwamba. Ndiye tinatuluka kukadya. Pobwera kunali mdima, sitinaone kanthu."

Mai Ennie anaseka chamumtima. Akuba ankawadziwa, pa msika ankawapatsa moni ndi mayina. Koma wakuba amene amachotsa kamera, kutulutsa jekete la njenjete, kubweza pulasitiki bwinobwino, kenaka n'kukolekanso kamera, ameneyo anali asanamuonepo. Wakuba wotero bwenzi atamulemba ntchito.

* * *

Chitseko cha chipinda cha mafosholo chinali cha malata, cha bowo lolowa dzanja. Mai Ennie anaika diso pamenepo. Useni anali atakhala pa wilibala yothyoka.

"Iwe Useni, wagona bwanji m'hotela yanga inayi?"

Mai Ennie anagogoda pa lata.

"Jekete unatenga?"

"Akutero anthu."

"Ine ndikufunsa iwe."

"Ndinatenga."

"Lili kuti?"

"Ndagulitsa."

"Ha! Lamlungu m'mawa, pa komboni yopanda ngakhale wogula fodya? Wagulitsa kwa ndani?"

"Kwa munthu."

"Ndimayesa kwa mbuzi. Wandilanda ntchito, mwana iwe. Tandiuza tsono, poti unalinyamula, unalipinda, unalitsatsa: mkati mwake nsalu yake njotani?"

Useni anakanda chibwano. "Yakuda."

"Yakuda bii?"

"Eya."

"Ukudziwa kuti ukapita ku Chegutu subwerako chaka chino?"

"Ndikudziwa. Auzeni anyamuke msanga, Mai Ennie. Nkhaniyi isatalike."

Mai Ennie anachotsa diso pa bowo. Pa moyo wawo anamvapo akuba ambiri akulumbira kuti sanabe. Uyu anali woyamba kunama kuti waba.

* * *

Madala Sitefano, woimba ng'oma, anawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata phula pa chikopa. Makutu awo anaphedwa ndi mabomba a pansi pa mgodi, koma ankadzuka okha pakatchulidwa mowa.

"Madala! Dzulo nthawi ya chakudya Useni anali kuti?"

"Chakudya? Sindinadye, mwanawe. Ndani wakuuza kuti ndadya?"

"USENI!"

"Usakuwe, sindine bulu. Useni anali ndi ine. Ananyamula ng'oma zonse kupita nazo kwanga, ndiye ndinamugwira kuti andikokere zingwe. Manja angawa atha. Anachoka alendo atazimitsa kale nyali."

"Ndiye bwanji simunanene pamene amamugwira?"

"Anandifunsa ndani? Pano nkhalamba amaifunsa za mvula basi."

"Chabwino, ine ndakufunsani. Funso lina. Inu munavina ndi Elisha. Chitenje chili mkati mwa jekete lija anasoka ndani?"

Madala anatsamira pa ng'oma n'kuyamba kuyang'ana mango osapsa.

"Madala?"

"Ayikona," anatero m'chiyankhulo cha pa mgodi, chimene ankachitulutsa akafuna kutseka nkhani. "Mina ayikona azi, sindidziwa ine. Ine ndi wa ng'oma, si telala. Za mkati mwa jekete la mwamuna mnzanga sindilowamo."

"Koma mukudziwa."

"Makutuwa, mwanawe. Afanso."

* * *

Ku khitchini kunali utsi ndi mawu a Lois, mpongozi wa pa komboni amene pakamwa pake pankapuma iye akagona basi.

"Maiwe, Mai Ennie, mwabwera bwino! Ntchito yonseyi andisiyira ndekha. Nkhuku ndinyonyole ine, mtedza ndisinje ine, moto ine. Inu munati wophika wamkulu ndi a Dyness. Ali kuti a Dyness? Dzulo madzulo akuti mutu, osaoneka pa chakudya. Lero abwera, aphika ndiwo theka, abwerera."

A Dyness anali mayi wa Useni, nkhalamba yaudongo imene dzulo masana inalandira alendo ndi nthungululu.

"Za mwana wawo akudziwa?"

"Ndani angawauze? Azibambo ati tisawauze, angakomoke. Koma ngakhale osauzidwa, lero sali bwino amene aja. Ndawapatsa mpando, akana, akhala pa dothi penipeni. Kusamba sanasambe, ine mphuno ndili nayo. Sisita aja abwera kudzapereka moni, atambasula dzanja, iwo manja kumbuyo, angowomba m'manja chapatali. Manyazi ake! Ndiye chondiseketsa, ndili uko ku mpopi akundikuwira: 'Lois, tabwera undithirire mchere m'ndiwomu.' Ndati, amayi, chitini cha mchere chili pa mwendo panupo. Akuti, 'Thira iwe.'"

Lois anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Tonse timadziwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere. Koma a Dyness? Amene aja mwezi unawatsanzika nthawi ya Federeshoni!"

Mai Ennie sanaseke. Anakumbuka sabata imene bambo a ana awo anaikidwa m'manda ku Rimuka. Azimayi akuluakulu anawakhazika pa dothi, anawaletsa kusamba, kugwirana chanza, ndi kukhudza mchere, mpaka akuchimuna atabwera kudzawameta ndi kuwamasula.

"Lois, pa komboni pano pachitika maliro sabata ino?"

"Ayi, Mulungu atithandize."

"Kalata ya maliro yabwera? Wina wachokera ku Malawi?"

"Ayi. Bwanji?"

Imfa imene inalengezedwa pa komboni ija inali imodzi yokha, ndipo inalengezedwa pa bwalo la beni.

* * *

Nyumba ya a Dyness inali ya kumapeto, pafupi ndi mulu wa miyala ya mgodi. Chitseko chinali chotseka masana onse aja.

"Odi, amayi."

"Ndani?"

"Ndine Ennie. Ndabwera kudzakhuza maliro."

Mkatimo mawu anati, "Lowa."

Pakati pa nyumba panayalidwa mphasa yatsopano. Pa mphasapo panagona jekete, mabatani onse atamangidwa, manja ake atapingasa pa chifuwa, m'munsi mwake mutafunditsidwa nsalu yoyera. A Dyness anali atakhala pa dothi cha kumutu kwake, miyendo atatambasula.

Mai Ennie anavula nsapato, anakhala pansi, nalira pang'ono monga amachitira munthu wofika pa siwa. Misozi ina inali ya mwambo, ina inabwera yokha.

"Wakuuza ndani?" anafunsa a Dyness.

"Mchere."

Nkhalamba ija inagwedeza mutu. "Lois."

"Anali amuna anu?"

"Ndi amuna anga. Sanandisiye ukwati. Ananyamuka kupita ku Solobele, Harare ya leroyi, kukafuna ntchito ya m'tauni, Useni ali m'mimba. Anati akapeza nyumba abwera kudzanditenga. Nditamva kuti anakwatira kumeneko ndinati, chabwino, amuna amatero, koma tsiku lina adzabwera ndi mawu, kaya onditenga kaya ondisiya. Dzulo ndiye ndinamva za imfa yake pa bwalo, pakati pa anthu, ngati akulengeza za mbuzi yosochera." Anasalaza kolala ya jekete. "Ndiye ndilire chiyani, Ennie? Manda sindiwadziwa. Thupi sindinalione. Ndinangobwereka ili kuti ndikhale nalo usiku umodzi. Ndimati akamanyamuka ndikalibweza."

"Useni akudziwa kuti bambo ake ndi a Elisha?"

"Dzina analidziwa ali mwana. Dzulo analimva monga ndinalimvera ine. Usiku anasuzumira pakhomopo, anaona, anabwerera osanena kanthu. Mwana uja anatengera bambo ake kusayankhula."

"Watengeradi. Panopa ali m'chipinda cha mafosholo, wavomera kuti waba ndiye. Alendo akangodya apita naye ku polisi."

A Dyness anadzuka ndi liwiro limene Mai Ennie sankaliyembekezera pa mawondo amene aja. Anayamba kupinda jekete.

"Ndikawauza. Andimange ine."

"Khalani pansi, amayi. Namfedwa sayendayenda. Jeketelo libwezereni pamene linali."

Potuluka Mai Ennie anaima pa khonde n'kudziwerengera. Mlendo anabwera kudzamwa thobwa ndi kuona magule; tsopano akamuuze kuti bambo ake, amene akuwalira, anathawa mkazi wapakati. Mlendo wotero sabweranso, ndipo ku Harare akauza anzake onse. Anayang'ana ku khitchini. Lois anali atayamba kale kutsuka mbale za alendo.

"Kaunjika sanandikanepo," anadziuza, n'kupita kukaitana Norma.

* * *

Norma anaima pakhomo, anaona jekete pa mphasa, nkhope inasintha. Mai Ennie anamugwira mkono asanatsegule pakamwa.

"Sisita, munati mukufuna kuona za makolo. Za dzulo zija zinali zoonetsa alendo. Izi ndiye zenizeni. Vulani nsapato."

Anamufotokozera mwachidule, osakometsa. Norma anamvetsera ataima chilili.

"Bambo anga sanali munthu wotero," anatero mawu atauma. "Aliyense akhoza kunena zimenezi. Akufuna chiyani, mari, ndalama?"

A Dyness anawerama. Anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, anafufuza mpaka pansi, natulutsa kansalu kopindidwa. Kanali kobiriwira, ka timaluwa toyera, kodulidwa mbali imodzi ndi sizasi. Anakayala pambali pa jekete, n'kutsegula batani limodzi kuti mkati muoneke.

"Chinali chitenje changa cha ukwati," anatero. "Atamusankha ukaputeni, khaki inkamukanda. Ndinadula."

Norma anagwada pang'onopang'ono. Anagwira nsalu ziwirizo, ina dzanja ili, ina dzanja ilo, nthawi yaitali.

"Mama anafuna kuichotsa," anatero, Chichewa ndi Chishona zikupondana. "Yang'ambika, tiike yatsopano. Baba anakalipa. Ine moyo wanga wonse ndinawamva akukalipa tsiku limenelo lokha."

A Dyness anatseka maso, misozi ikutsika m'makwinya.

"Zikomo, mwanangu," anatero. "Pa komboni pano pali akazi amene anafa akuyang'ana ku msewu, osadziwa ngati ndi akazi a munthu kapena amasiye. Iwe wandibweretsera maliro mpaka pakhomo, pa galimoto. Ndikubwezere chiyani ine?"

Norma anatembenukira kwa Mai Ennie. "Ndichite chiyani? Sindidziwa mwambo."

"Pamafunika wa kuchimuna. Awamete, awauze kuti ukwati watha bwino, ndi omasuka, asambe, adye ndi anthu. Kumudzi akanabwera malume kapena mlongo wa malemu. Kuno tilibe zimenezo, timagwiritsa amene wapezeka. Lumo mumalidziwa, si ndinu nesi? Koma zimenezo ndi za madzulo. Pali wina akudikira galimoto."

* * *

Anthu onse a pa komboni anali atasonkhana pa chipinda cha mafosholo, chifukwa Lois anali atanunkhiza kale nkhani. Ngakhale Madala Sitefano makutu anali atawabwerera. Augustine, atamva zonse kwa mkazi wake, anavula chipewa, anachotsa yekha waya wa pa chitseko, nachikankha.

"Bambo, ndakulakwirani," anatero. "Tulukani."

Useni sanasunthe pa wilibala paja. Anayang'ana Mai Ennie.

"Ine ndavomera kale. Tiyeni ku Chegutu. Wina aliyense musamukhudze."

"Iwe, ndende si ya bambo ako kuti uziilimbirana," anatero Mai Ennie. "Jekete lapezeka, mlandu palibe. Mayi ako ali kunyumba, palibe akuwamanga."

"Mukundinamiza kuti nditchule dzina."

"Taonani munthuyu! Anzake amalira polowa, iye akukana kutuluka."

Anthu anaseka, koma Useni anangogwiritsa wilibala ija ndi manja onse awiri.

Norma anadutsa pakati pa anthu, alibe nsapato. Analowa m'chipindamo, diresi la ku Harare likukwekwereza pa dzimbiri, n'kugwada patsogolo pa munthu amene dzulo anamunyamulira zikwama. Mai Ennie anaona milomo yake ikuyeserera mawu kaye, kuti asathawire ku Chishona.

"Achimwene," anatero Norma. "Amayi akuti ndiwamete. Ine ndikuopa, sindinachitepo. Bwerani mudzandigwirire madzi."

Useni anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapukuta manja pa buluku, kawiri konse, asanamudzutse.